Kuyamba ntchito ya sosholo: zimene ndimauza ophunzira tisananyamuke kupita kumudzi

Chaka chilichonse ku ofesi kwathu kuno ku Zomba kumabwera anyamata ndi atsikana odzaphunzira ntchito. Ena amachokera ku yunivesite ya pa Chirunga pompano, ena ku Magomero, ena ku Nguludi. Amafika ndi kope latsopano m'manja, ndipo funso lawo loyamba silisintha: "Amayi, tiyambira pati?" Pa njinga yamoto, fumbi lili m'kamwa, yankho langa silimatha. Ndiye ndati ndililembe pano lonse.

Ntchito yathuyi anthu amangoti "sosholo". M'kalasi munamva za chimene aphunzitsi amachitcha generalist practice. Tanthauzo lake ndi ili: munthu mmodzi yemweyo azitha kugwira ntchito ndi mwana mmodzi, ndi banja, ndi gulu, ndi mudzi wonse, mpaka kukaima pamsonkhano wa khonsolo, ndipo azidziwa nthawi yochoka pa china kupita pa chinzake. Kumayiko ena ntchitozi amagawana, wina wa ana okhaokha, wina wa kuchipatala, wina wa kundende. Kwathu kuno Lolemba uli kukhoti la ana, Lachiwiri uli ndi agogo amene dzina lawo lasowa pa kaundula wa Mtukula Pakhomo, Lachitatu mvula yagwetsa nyumba ku Chingale. Palibe wina wokulandira katunduyo.

Ndikuphunzitsani ndi nkhani imodzi, ya mtsikana wa zaka 14 wa mudzi wina wa kumunsi cha ku Jali. Dzina lake ndi la mudzi wake simulipeza muno, ndipo zina ndazisintha dala. Inunso mudzatero mukamafotokoza nkhani za anthu, ngakhale kwa anzanu a m'kalasi.

Kufika pakhomo

Kalata inachokera kwa aphunzitsi aakulu, kudzera mwa amayi oyang'anira atsikana pasukulupo. Inali ndi mawu ochepa: mwanayu wasiya Sitandade 7, akufuna kukwatiwa. Zolembedwa pakalata yotere ndi mmene wotumizayo akuonera. Mwina n'zoona, mwina ndi mbali chabe. Ipindeni, muiike m'chikwama, mupite kukadzionera.

Musalowe m'mudzi mwa eni ngati mbala. Yambirani kwa amfumu, ndipo mutenge mlangizi woteteza ana wa m'deralo, chifukwa iye amadziwa njira ndiponso amadziwa amene sayankhulana. Kwa amfumu nenani kuti ndinu ndani ndipo mwabwera kudzacheza ndi banja lakuti pa nkhani ya sukulu ya mwana. Lekerani pomwepo. Amfumu akafunsa zambiri, yankhani mwaulemu kuti, "Amfumu, ndiyambe ndamva kwa eni ake, pakafunika nzeru zanu ndibweranso." Njinga isiyeni patali pang'ono. Njinga ya boma ikaima pakhomo penipeni, madzulo ake kumjigo nkhani imakhala ya banjalo.

Odirani, mudikire kuyankhidwa. Akakuturutsirani mpando pamene agogo ali pamphasa, thokozani, koma ngati ndinu mayi valani chitenje mukhale nawo pamphasapo. Ngati ndinu bambo, tengani kampando kakafupi. Perekani moni wonse osadumpha, mufunse za ana, za mvula, za mpunga. Kope likhale m'chikwama mpaka macheza atakhazikika. Kuno ku Zomba makomo ambiri ndi a Chiyao kapena Chilomwe. "Ajimwiche uli?" yekha amatsegula nkhope ya gogo wa Chiyao kuposa chiphaso chanu cha ntchito. Pakafunika womasulira, asakhale mwana wa pakhomopo. Simungasenzetse mwana ntchito yomasulira nkhani yonena za iye yemwe.

Kenako nenani chimene mwadzera ndi chimene simunadzere. Anthu akamva kuti kwabwera a sosholo amaganiza ziwiri, kulemba maina a chithandizo kapena kumanga munthu. Tsiku limenelo ndinati, "Agogo, sindinabwere ndi thumba la chimanga, sindinabwerenso kudzatenga munthu. Ndamva kuti mdzukulu wanu sakupita kusukulu, ndiye ndafuna ndimve kwa inu." Ndipo musanamve chinsinsi chilichonse, nenani malire a chinsinsicho: "Zimene mundiuze ndisunga. Koma ndikaona kuti mwana ali pangozi, ndidzauza amene angamuteteze, ndipo ndidzayamba ndakudziwitsani inuyo." Mukanena izi pambuyo pake, munthu atakhuthula kale za kukhosi, amaona kuti mwamutchera msampha.

Pali liwu limodzi limene ndimaletsa ophunzira anga: "tiona". Nditangoyamba ntchito ndinauza mayi wina kuti tiona za fizi ya mwana wake amene anasankhidwa kupita ku sekondale. Kwa ine zinatanthauza kuti ndikafunsa. Kwa iwo zinatanthauza kuti zatheka, ndipo mbuzi imene amafuna kugulitsa anaisunga. Thandizolo silinabwere, temu inayamba mwanayo ali pakhomo. Nditabwererako, mayiwo anandipatsa moni ali chiimire ndipo mphasa sinatuluke. Mpaka lero zimandipweteka. Nenani zokhazo zimene zili m'manja mwanu, ndi tsiku lake: "Lachisanu ndikaonana ndi aphunzitsi, Lolemba ndidzabwera kudzakuuzani zimene ayankha, kaya n'zabwino kaya ayi."

Mu 1957 wansembe wina wa ku America, Felix Biestek, anandandalika mfundo zisanu ndi ziwiri za ubale wa pakati pa ife ndi amene tikuwathandiza. Zonsezo muziloweza za mayeso. Kumudzi ziwiri ndizo zimandiyesa tsiku ndi tsiku: kusaweruza munthu, ndi kumulola adzisankhire pa za moyo wake. Kuweruza sikukhala pakamwa pokha. Kumaonekera pa mmene mwayang'anira denga lodontha, pa kupuma kwanu mukamva kuti ana ndi a abambo atatu osiyana. Anthu osauka amawerenga nkhope za a m'maofesi msanga kwambiri, poti akhala akuziwerenga moyo wawo wonse.

Kufufuza: apa musathamange

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Funsani mafunso amene sangayankhidwe ndi "eya" kapena "ayi". M'malo moti "Kodi mumadya katatu?" nenani, "Tandifotokozerani za dzulo, kuyambira pamene munadzuka." Munthu akakhala chete, inunso khalani chete. Ophunzira ambiri amaopa bata, amalikwirira ndi funso lina, pamene mawu enieni amabwera bata likatha.

Chida choyamba ndi mtengo wa banja. Akazi mumajambula zozungulira, amuna za makona anayi, omwalira mumadula ndi mtanda, mizere kulumikiza maukwati ndi ana, mibadwo itatu. Ine ndimajambula pansi ndi kamtengo, agogo akuona ndi kundikonza, kenako n'kukopera m'kope. Koma chenjerani apa. Mafomu ambiri amafunsa za mutu wa banja ndi za abambo a mwana, ngati kuti mphamvu zonse zili kuchimuna. Kuno kwa Ayao, Alomwe ndi Anyanja mbumba imatsata kuchikazi. Bambo ndi mkamwini, mkazi akamwalira kawirikawiri amabwerera kwawo, ndipo mawu otsiriza pa ana amakhala ndi amalume awo. Mukapanda kufunsa kuti "Mwini mbumba ndani pano?" mudzapangana zinthu zabwino ndi anthu amene alibe mphamvu yozichita.

Mtengo wa mtsikanayu unaoneka chonchi. Mayi ake anamwalira zaka zitatu m'mbuyomo. Bambo anabwerera kwawo n'kukwatiranso. Pakhomo panatsala agogo, iyeyo, ndi ang'ono ake awiri. Amalume anali ku Joni, amaimba foni mwa apo ndi apo. Mng'ono wa malemu mayi ake amagulitsa kaunjika ku Chinamwali. Anthu awiri amenewa pakalata ija panalibe.

Chida chachiwiri anachiyambitsa Ann Hartman mu 1975. Mumajambula banjalo pakati, m'mbali mwake n'kuika zonse zimene limakhudzana nazo: sukulu, mzikiti kapena tchalitchi, chipatala, msika, banki m'khonde, amfumu, oyandikana nawo. Mzere wonenepa ndi ubale wolimba, wamadontho ndi wofooka, wokhotakhota ndi wa mkangano. Chithunzichi chimaonetsa kumene thandizo limalowera ndi kumene kwatsekeka. Pa chithunzi cha banjali mzere wa kumzikiti unali wonenepa, wa kusukulu unali utaduka, wa kuchipatala kunalibiretu. Panali mzere umodzi watsopano, wa bambo wina wopikula matemba ku Kachulu, amene podutsa amasiya sopo, mchere, nthawi zina ndalama pang'ono.

Maso anu agwire ntchito pamodzi ndi makutu. Popereka moni agogo aja amayang'ana cham'mbali pang'ono. Madzi atabwera, anafufuza kapu ndi dzanja. Padzanja lomwelo panali chipsera chatsopano. Mpunga wa m'lichero amasankha miyala ndi mtsikanayo, osati iwo. Sindinanene kanthu pomwepo.

Mwana mumacheza naye payekha, mutapempha chilolezo, pamalo pamene anthu akukuonani koma sakumva. Ife tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Sindinamufunse chifukwa chake anasiya sukulu, poti funso loti "chifukwa chiyani" kwa mwana limamveka ngati mlandu. Ndinamufunsa kuti, "Ukakhala kusukulu, kuno amaphika ndani?" Anakhala chete nthawi yaitali, kenako misozi. Anati agogo sakuonanso bwino, tsiku lina anagwera pamoto iye ali m'kalasi, ndipo kuyambira pamenepo sanafunenso kuchoka pakhomo. Za ukwati anati bambo uja analonjeza kuti azidyetsa nyumba yonse. Mwanayu sanali kufuna banja. Anali kufunafuna wina womulandirako katundu amene anasenza yekha.

Ngakhale nkhani itafewa chotere, funso la chitetezo lifunseni mosazungulira: kodi alipo amene wakugwira thupi mosayenera, kapena kukukakamiza kugona naye? Mwana akati inde, zina zonse ziime. Mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndiye ulendo wa kuchipatala ndi wa tsiku lomwelo. Ku chipatala chachikulu cha Zomba kuli malo a Chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi a sosholo amathandizira pamodzi kuti mwana asafotokoze nkhani yake kambirimbiri. Kupolisi kuli nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere, amaiyendetsa a bungwe la YONECO a konkuno ku Zomba. Inu si wapolisi. Musamupanikize mwana ndi mafunso, musamuikire mawu m'kamwa, lembani zimene wanena mmene wazinenera. Mtsikana wathuyu anati palibe chimene chinachitika. Ndinamukhulupirira, komabe ulendo wachiwiri ndinafunsanso, chifukwa ana ena amanena pokhapokha ataona kuti munabweranso monga munanenera.

Musatseke kope musanalembe zimene banjalo lili nazo. Ophunzira amabwera ndi masamba atatu a mavuto okhaokha, ine ndimawabweza. Pakhomopa panali kamunda ka mpunga kudimba, nkhuku zingapo, agogo olemekezeka m'mudzi poti kale anali namkungwi, ndi mwana wa zaka 14 amene anadyetsa anthu anayi miyezi ingapo popanda womuuza chochita. Mapulani onse amamangidwa pa zimenezi, chifukwa ndizo zidzatsale inu mukadzachoka.

Kupangana zochita

Mapulani simulembera ku ofesi. Tinaitanitsa kamsonkhano ka banja: agogo, mayi aang'ono a ku Chinamwali, amfumu, mlangizi woteteza ana, ndi amalume pa foni ya WhatsApp yoikidwa pamphasa. Mtsikanayo ndinayamba ndamufunsa zimene akulola kuti zinenedwe pagulu ndi zimene akufuna anene yekha.

Apa ndi pamene kudzisankhira kumakumana ndi lamulo, ndipo muyenera kudziwa malire ake. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 akhale mwana, n'kutseka mpata umene unalipo wokwatitsa mwana makolo akavomera. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 limaletsa kukakamiza mwana kulowa m'banja kapena kumutomera. Ndiye nkhani ya ukwati sinali yokambirana. Ndinainena kamodzi, momveka, mosakweza mawu, n'kupita pa zina. Lamulo mukalitenga ngati chikwapu choyambira nacho, anthu amavomera pamaso panu, mwezi wamawa mumangomva kuti mwana anapita kwa achibale ku Mozambique.

Koma maso a agogo anali a agogo. Munthu wamkulu wa nzeru zake ali ndi ufulu wokana chipatala. Ndipo anakanadi. "Mwanawe, akandichotsa maso, ndikabwera ndili wakhungu weniweni." Amalume pafoni anayamba kukalipa, ine ndinawapempha adekhe. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Ndinafunsa amfumu ngati m'mudzimo alipo amene anachotsedwapo ng'ala. Analipo, bambo wina wachikulire wa kutsidya kwa dambo. Patatha masiku anabwera kudzacheza ndi agogo, n'kuwauza mmene anagonera kuchipatala, mmene anamumatira diso, ndi mmene m'mawa mwake anaonera nkhope ya namwino. Zimene ine ndi digiri yanga sindikanatha kunena, iye anazinena ali kukazinga chimanga. Agogo anavomera okha.

Zopangana zikhale zochepa, chilichonse ndi mwini wake ndi tsiku lake. Zathu zinali izi. Amalume atumiza ndalama ya thiransipoti pa foni mwezi usanathe. Mayi aang'ono aperekeza agogo ku chipatala chachikulu n'kukhala kumudzi milungu ingapo. Ine ndikaonana ndi aphunzitsi aakulu kuti mtsikanayo abwerere m'kalasi Lolemba lotsatira. Amfumu akalankhula ndi bambo wa matemba uja, mlangizi woteteza ana ali pomwepo. Onani kuti gawo langa linali laling'ono kuposa onse. Zikakhala kuti zonse zalembedwa pa dzina lanu, mapulaniwo ndi olakwika.

Kutumiza munthu kwina si kumuloza njira ndi chala. Lembani kalata, imbani foni kumeneko mudziwe tsiku limene a maso amaona odwala, muuzeni munthuyo khomo lolowera ndi zimene atenge, monga buku la kuchipatala. Pambuyo pake funsani ngati anafika. Ambiri amene timati anakana thandizo anangosochera pakhonde la chipatala n'kubwerera.

Za Mtukula Pakhomo anafunsa, monga amafunsira aliyense. Ndondomekoyi inayamba ngati yoyesera ku Mchinji mu 2006, ndipo imafuna mabanja osaukitsitsa amenenso alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito. Banjali linali lotere ndithu. Koma maina sasankha munthu mmodzi, amadutsa m'makomiti ndi m'kaundula pa nthawi yake. Ndinawafotokozera mmene zimayendera ndi kumene angakadandaule, osapitirira apo.

Pozalemba, siyanitsani zitatu: zimene mwaona, zimene mwauzidwa ndi amene wakuuzani, ndi zimene inu mukuganiza. "Agogo ali ndi chipsera padzanja lamanja" n'zoona ndi maso. "Banjali ndi losasamala" ndi chiweruzo, ndipo fayilo imakhala zaka zambiri kuposa inu pa ofesipo. Lembani tsiku lomwelo. Zithunzi za ana a eni zisapite pa Facebook, ngakhale bungwe lopereka ndalama litazifuna chotani.

Kuchoka pa mwana mmodzi

Ntchito yathu inabadwa ndi miyendo iwiri. Mary Richmond, amene mu 1917 analemba za kufufuza bwino nkhani ya munthu mmodzimmodzi musanamuthandize, ndiye mwendo woyamba. Jane Addams, amene mu 1889 anatsegula nyumba yothandizirako anthu yotchedwa Hull House mu mzinda wa Chicago n'kukakhala pakati pa osauka, kumenyera malamulo a ntchito ndi ukhondo wa m'makwalala, ndiye wachiwiri. Wa sosholo amene amangoyenda ndi mwendo umodzi amatha zaka makumi awiri akuvuula ana mumtsinje osapita kumtunda kukaona pamene akugwera.

Mukamaliza nkhani iliyonse dzifunseni kuti alipo angati ena otere. Nditakhala pansi ndi kaundula wa pasukulu ija pamodzi ndi amayi oyang'anira atsikana, tinapeza ena asanu amene anasowa m'kalasi temu yomweyo. Atatu amasamalira odwala kapena okalamba. Awiri amapita kukagwira ganyu m'minda ya mpunga ya ku Likangala. Dera lonselo moyo wake umatsamira pa nyanja ya Chilwa, ndipo nyanjayi ikaphwa, monga inachitira mu 1995 ndi mu 2018, usodzi ndi mpunga zimagwera limodzi, ndipo oyamba kulipira ndi ana.

Tinayambitsa kagulu ka atsikanawo, kokumana Lachitatu lililonse akaweruka. Gulu lisapitirire anthu khumi. Malamulo apange okha tsiku loyamba, loyambirira likhale loti zonenedwa pano zithere pompano. Inu ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti wolongolola asadye nthawi yonse ndipo wachete apeze mpata, osati kulalikira. Chimene gulu limachita n'chakuti mwana amene amadziona ngati yekhayekha amamva mnzake akunena mawu a mumtima mwake.

Kenako tinapita nazo ku komiti ya chitukuko ya m'dera, pamaso pa mafumu, ashehe ndi abusa. Kumeneko mumapita ndi chiwerengero, osati maina. Ndinapempha zinthu ziwiri zotheka: kuti alangizi a zaumoyo poyendera makomo azilembanso okalamba amene sakuona bwino, ndi kuti magulu a kumzikiti ndi kutchalitchi azisinthana kuyendera makomo amene mwana ndiye akusamalira wamkulu, makamaka m'mawa nthawi ya sukulu. Anamkungwi ndi angaliba musawaone ngati adani. Iwo ndi amene amalankhula ndi ana pa nthawi imene ana amamvetsera kwambiri, ndipo mukawafikira mwaulemu amakhala oyamba kunena kuti zinamwali zizitha sukulu isanatsegulidwe.

Pokaima pamaso pa akuluakulu dziwani umboni umene ulipo, ndipo wina unachokera m'boma lathu lomwe lino. Mu 2008 ndi 2009 akatswiri atatu, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler, anachita kafukufuku kuno ku Zomba pa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22. Mabanja ena amalandira ndalama mwezi ndi mwezi pokhapokha mtsikana akamapita kusukulu, ena amalandira popanda lamulo limenelo. Ndalama za lamulo zinasunga atsikana ambiri m'kalasi. Koma zopanda lamulo ndizo zinachepetsa kwambiri mimba ndi maukwati, makamaka kwa amene anasiya sukulu, chifukwa iwo thandizo silinawadukire pa nthawi imene amalifunitsitsa. Atabwereranso patapita zaka, anapeza kuti zambiri mwa zabwinozo zinazilala ndalama zitasiya. Ine ndimatengapo ziwiri. Mtsikana wokwatiwa msanga nthawi zambiri vuto lake ndi njala, osati khalidwe. Ndipo thandizo la zaka ziwiri silichotsa umphawi wa mibadwo.

Malire anu, ndi kutsanzika

Agogo atachira anandikonzera nkhuku. Madzi imwani, chimanga chootcha idyani, kukana zimenezo n'kunyoza. Koma nkhuku, mpunga wa m'thumba kapena ndalama musalandire. Ndinati, "Agogo, mtima wanu ndaulandira. Nkhukuyi iikire mazira, ana adye." Ndalama za m'thumba mwanu nazonso samalani nazo. Mukapereka lero, mawa simulinso mlangizi koma wachibale wolemera, ndipo khomo loyandikana nalo lidzafunsa chifukwa chake ilo munalidumpha.

Pezani munthu wamkulu pa ntchitoyi woti muzikhala naye pansi kawirikawiri, kumufotokozera nkhani zimene zakukanikani ndi zimene zikukulepheretsani tulo. Mudzaona zinthu zoopsa. Chimphepo cha Freddy chitadutsa mu Malichi 2023, ena mwa ife tinatha milungu tili m'misasa ya anthu othawa madzi, ndipo amene amati ali bwinobwino ndi amene anadzadwala pambuyo pake. Kunena kuti nkhani iyi yandilemera ndi mbali ya ntchito.

Kutseka fayilo kumayamba tsiku loyamba lomwe, pouza banja kuti simudzakhala nawo mpaka kalekale. Nthawi ikayandikira, tengani pepala la zopangana lija, muwerenge nawo chimodzichimodzi, anene okha chimene chatheka ndi chimene chakanika. Musangosowa. Ana ambiri amene timagwira nawo ntchito anasiyidwapo kale ndi munthu wamkulu osatsanzika. Nenani tsiku la ulendo womaliza, nenani amene angamufikire inu kulibe, ndipo lembani nambala ya mlangizi wa m'deralo ndi 116 pachikuto cha kope la mwanayo.

Patatha miyezi itatu ndinabwererako. Ndinapeza agogo ali pakhonde akusankha okha miyala mumpunga, diso limodzi likuona, linalo akudikira tsiku limene anawapatsa. Mtsikanayo anali kusukulu, koma aphunzitsi anati masamu anatsalira kwambiri ndipo mwina abwereza kalasi. Bambo wa matemba anasiya kuima pakhomopo, ngakhale njira yake ikadali yomweyo. Amalume anatumiza ndalama kawiri, kenako foni yawo inasiya kupezeka. Potsanzika ndinaona kuti mng'ono wake wamwamuna wa mtsikanayo, wa zaka 9, ali pakhomo nthawi ya sukulu, miyendo ili matope a kudimba. Ndinabwerera pamphasa, n'kufunsa agogo ngati ndingacheze nayenso.